Makina Otayipira Akale Tisawagulitse pa Sikelo

Wolemba mseminale wa Fomu 3

Anzanga ena a m'kalasi atamva mutu umene ndasankha anandiseka mpaka misozi. Wina anati, "Iwe, dziko lonse likukamba za mafoni ndi intaneti, ndiye iwe ukatitopetse ndi zitsulo zadzimbiri?" Ine sindinakwiye ayi. Ndinangomukumbutsa kuti paja wamisala anaona nkhondo. Tsono inu Abambo ansembe, inu makolo athu, ndi inu anzanga aseminale, ndiloleni ndiyambe ndafotokoza zimene ndinaona, kenaka mundiweruze.

Kwathu ndi kwa Kalembo, kufupi ndi Ulongwe, pa msewu wochokera ku Liwonde kupita ku Mangochi. Makolo athu anabadwira m'boma la Machinga, ife tinabadwira m'boma la Balaka, koma mudzi wake ndi womwewo. Malire okha ndiwo anasuntha mu 1998. Pa tchuthi chapitachi, nditangotula chikwama, ndinaona ana akuthamangitsa galimoto yamawaya imene anaimangirira kamota kenikeni kutsogolo ngati injini yake. Nditawafunsa kumene anakatola, anandilozera kuseri kwa khitchini. Kumeneko ndinapeza chigoba cha pulasitiki chotuwa chitang'ambidwa pakati, mabatani ake atamwazika pansi ngati njere za chimanga, nkhuku zikuwajompha n'kumawalavula.

Anali makina otayipira a agogo anga aakazi. Agogowo anagwira ntchito yotayipa makalata ku Limbe kwa zaka zambiri, ndipo makompyuta atafika mu ofesi mwawo, abwana anawapatsa makinawo kuti akhale chikumbutso. Anabwera nawo kumudzi, nawakulunga m'chitenje, n'kuwaika pansi pa bedi. Nyumba yathu ilibe magetsi, choncho kwa zaka zoposa 20 makinawo sanalembeko ngakhale chilembo chimodzi. Agogo atapita ku maliro kutsidya kwa Shire, kunabwera wogula zitsulo zakutha ndi njinga yake ndi sikelo ya mbedza. Atawanyamula anati pulasitiki sagula. Apo amalume anatenga nyundo, nachotsamo timitengo tachitsulo ndi mawaya a kopa. Ndalama imene analandira sinakwane ngakhale kugula nkhuku.

Sindikuwaweruza amalume. M'nkhokwe munalibe kanthu, ndipo iwo anangoona chinthu chogona pachabe. Ine ndi amene ndinapsa mtima kuposa mwini wake. Madzulo ndinafunsa kuti, "Agogo, bwanji simunawakalipire?" Iwo anaseka n'kuti, "Amuna anga, ndikalipire chiyani? Makinawo anandidyetsa, anaphunzitsa amayi ako, ntchito yawo inatha." Koma atatero anamasula mfundo ya pa ngodya ya chitenje chawo, nandipatsa kagudumu kakang'ono kakuda, kokhala ndi timiyendo tambirimbiri ngati duwa la mpendadzuwa, kalikonse kali ndi chilembo kunsonga. Anali atakatola pa dothi paja. Munthu amene wanena kuti ntchito inatha sasunga chinthu m'mfundo ya chitenje pamodzi ndi ndalama zake.

Usiku umenewo anandiphunzitsa kuti makina otayipira ali a mitundu itatu, ndipo nditabwerera kuno ndinafufuza mbiri yake m'mabuku ndi pa kompyuta ya ku laibulale. Oyamba ndi amanja, amene chala chako ndicho chimaponya kamtengo kachitsulo kuti kakamenye liboni ndi pepala. Mwamuna wina wa ku Milwaukee ku America, dzina lake Christopher Latham Sholes, pamodzi ndi anzake, analandira chikalata cha umwini wa luso limeneli mu 1868. Kampani ya Remington, imene inkadziwika ndi mfuti ndi makina osokera, inayamba kuwagulitsa mu 1874. Oyambawo ankalemba zilembo zazikulu zokhazokha. Batani losinthira ku zazing'ono linabwera mu 1878. Ndondomeko ya zilembo yoyamba ndi QWERTY, imene mukuiona lero pa foni ndi pa kompyuta, inachokera kumeneko. Ndiye mnzanga wondiseka uja, akamalemba uthenga pa foni ya achimwene ake, zala zake zimatsata njira imene anailambula anthu a zaka 150 zapitazo.

Achiwiri ndi amagetsi. Awa ali ndi mota mkati, ndipo iwe umangokhudza batani, mphamvu yomenyera imachokera ku motayo. Kampani ya IBM inayamba kugulitsa ake mu 1935, koma amene anagwedeza dziko ndi otchedwa Selectric, amene anatuluka mu Julayi 1961. Agogo amawatchula kuti "a kampira", ndipo akamawakamba nkhope yawo imawala ngati akukamba za chibwenzi chakale. Makinawa analibe timitengo tomenyera tija timene tinkakolana ukafulumira. M'malo mwake munali kampira kamodzi kokhala ndi zilembo 88, kamene kankatembenuka ndi kupendekeka kuti chilembo chofunikacho chiyang'ane pepala, kenaka n'kumenya. Pepala silinkayenda uku ndi uku monga mwa akale. Kampirako ndiko kankayenda. Kankatha kumenya zilembo pafupifupi 15 pa sekondi imodzi. Ukafuna zilembo za maonekedwe ena, unkangotsegula kachotsekera pamwamba, kuchotsa kampira aka n'kuikapo kena. Mu 1973 anawonjezerapo kaliboni kofufutira, koti ukalakwitsa kankanyamula inki pa pepala. Agogo akuti tsiku limene anagwira makina oterewa koyamba anachita mantha, chifukwa zala zawo zinazolowera kumenya ngati akusinja, ndiye atangotsamiritsa chala pang'ono makina analemba okha. Pofika 1986, pamene IBM inasiya kuwapanga, inali itagulitsa oposa 13 miliyoni.

Achitatu ndi amene azungu amati a electronic, ndipo a agogo aja anali a mtundu umenewu. Kusiyana kwake ndi amagetsi wamba n'kwakuti awa ali ndi kaubongo, kabolodi kobiriwira konga ka mu wailesi, kamene kamalamulira zonse. Kagudumu ka mpendadzuwa kaja kamazungulira, chilembo chikafika pamwamba kanyundo kamachigogoda. Ena anali ndi kagalasi koonetsa mzere umene ukulemba kuti ukonze usanafike pa pepala, ndipo ankatha kusunga mawu n'kuwalembanso okha. Amodzi mwa oyamba anali ET 101 a kampani ya Olivetti ya ku Italy, mu 1978. Kenaka anachuluka a Brother, Canon ndi ena a ku Japan. Amenewa sanakhalitse pa ufumu. Anali ngati mlatho wochokera ku makina akale kupita ku kompyuta, ndipo anthu atawoloka anauiwala mlathowo. IBM inagulitsa nthambi yake ya makina otayipira mu 1991, ndipo kampani yotchuka ya Smith Corona inagwa mu 1995. Mu Novembala 2012 fakitale ya Brother ku Wrexham inapanga makina otsiriza opangidwa ku Britain. Tamverani chimene anachita nawo: sanawaike pa sikelo, anawapereka ku Science Museum ya ku London.

Mwina mukuti zonsezi ndi mbiri ya azungu, ife zikutikhudza pati? Apa ndipo pagona nkhani yanga.

Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, m'matchalitchi onse a Katolika m'Malawi munawerengedwa kalata ya maepiskopi yotchedwa Living Our Faith. Inadandaula za malipiro ochepa a anthu osauka, za mavuto a m'masukulu ndi m'zipatala, za anthu otsekeredwa popanda mlandu, ndi za mantha amene anatseka anthu pakamwa. Inasindikizidwa kwathu komwe kuno, ku Balaka, pa makina a Abambo a chipani cha Montfort, makope 16,000 m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingelezi. Boma la nthawi imeneyo linati kalatayo ndi youkira, ndipo kupezeka nayo unali mlandu. Maepiskopi anafunsidwa mafunso ndi apolisi ku Blantyre, nyumba yosindikizira ya ku Balaka anthu anaiyatsa moto, ndipo mu Epulo Monsinyolo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko muno. Izi timaphunzira m'kalasi ndipo timazilemba pa mayeso. Chimene sitiphunzira ndi chimene chinkachitika pa madesiki a anthu wamba.

Agogo akuti sabata imeneyo mnzawo wina wa ku ntchito, amene sanali Mkatolika n'komwe, anawanong'oneza kuti akufuna adziwerengere yekha zimene zautsa mapiri pachigwazo. Nthawi ya nkhomaliro, anzawo atatuluka, agogo anaika mapepala anayi ndi makaboni atatu m'makina a kampira aja, natayipa masamba angapo a kalatayo, mtima ukugunda kuposa makinawo. Atamaliza anabisa mapepala, nang'amba makaboni. Ali pafupi kuweruka ndi pamene anakumbukira liboni. Makina amanja amagwiritsa ntchito liboni yansalu imene imapita n'kubwerera kambirimbiri mpaka zilembo zimasokonezeka. Koma a kampira ankagwiritsa ntchito liboni yopyapyala ya pulasitiki, yodutsa kamodzi kokha, ndipo chilembo chilichonse chimene wamenya chimasiya chithunzi chake choyera pa liboniyo. Munthu akaitambasula pa kuwala angathe kuwerenga zonse zimene walemba, mawu ndi mawu. Agogo anaichotsa, naiika m'chikwama pansi pa kontena ya nsima, n'kukaitentha pa mbaula usiku. Aneba atafunsa za fungo, anati akutentha nkhwayira zakutha. M'mawa anakauza wosunga katundu kuti liboni yaduka.

Amayi anga, mwana wawo weniweni, nkhani imeneyi anaimva koyamba usiku womwewo pamodzi ndi ine. Chikhala kuti makina sanaswedwe ndipo ine sindinafunse, agogo akanapita nayo kumanda.

Sindikunena kuti makina otayipira ndiwo anabweretsa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 kapena chisankho cha 1994. Anabweretsa ndi anthu. Komatu olamulira ankhanza amadziwa kuopsa kwa chipangizo chimenechi kuposa mmene ife tikuchidziwira. Ku Romania, mu 1983, boma la Nicolae Ceaușescu linalamula kuti aliyense wokhala ndi makina otayipira akawalembetse ku polisi ndi kusiyako chitsanzo cha zilembo zake, chifukwa makina alionse ali ndi kalembedwe kakekake monga chidindo cha chala. Mu 1984 Aamerika anatulukira kuti akazitape a Soviet Union anabisa tizipangizo m'kati mwa makina 16 a Selectric m'maofesi a kazembe wawo ku Moscow ndi ku Leningrad, toti tizitumiza chilembo chilichonse chimene chamenyedwa. Ngati maboma akuluakulu ankawalemekeza chotere, ife tikuwapeputsiranji?

Kunja kuli anthu amene amasonkhanitsa makina akalewa monga ena amasonkhanitsira masitampa. Katswiri wa mafilimu Tom Hanks anasonkhanitsa oposa 100, ndipo ena amawapereka kwa anthu ngati mphatso. Mu 2009, makina amanja a Olivetti Lettera 32 amene wolemba mabuku Cormac McCarthy anawagula pa madola 50 anagulitsidwa pa okushoni ku New York pa madola 254,500. Nditawerenga izi ndinayamba ndakhumbira. Nditaganiza bwino ndinaona zinthu ziwiri. Choyamba, wogulayo sanagule chitsulo. Makina a mtundu womwewo alipo ambirimbiri otchipa. Anagula nkhani ya munthu amene anakhala pamenepo zaka zoposa 40 akulemba. Chachiwiri, osonkhanitsa ambiri amathamangira amanja, akuda onyezimira, okongola poika pa tebulo la pa balaza. Amagetsi ndi olemera, ndipo a kagudumu aja ndi otuwa ngati wailesi yakufa. Amenewa ndi ana amasiye, kunja ngakhale kuno.

Ndiponso ndi amene amafa msanga. Makina amanja ndi chitsulo chokhachokha; ukawapukuta fumbi ndi kudonthezamo mafuta pang'ono amadzuka, ndipo wokonza mawotchi kapena makina osokera pa msika wa Ulongwe angathe kuwaona bwinobwino. A kampira ali ndi tizigawo pafupifupi 2,800, lamba wa labala amene amafumbwa ndi kutentha kwathu kwa m'mphepete mwa Shire, ndi girizi amene amauma n'kugwira ngati ulimbo. A kagudumu ndiye kaubongo kaja kakangolowedwa mphemvu, nyerere kapena chinyezi, basi kwatha. Maliboni awo anali m'tizibokosi tosiyana malinga ndi mtundu wa makina, ndipo simungatipeze m'sitolo ya pa Balaka kapena pa Liwonde. Choncho makina amene anali apamwamba kwambiri ndi amene ayambe kuzimirira, ndipo ana athu adzaganiza kuti tinadumpha kuchoka pa makina a m'nthawi ya atsamunda kufika pa kompyuta.

Tchuthi chisanathe ndinapita kukathandiza kusesa pa parishi ina ya kufupi ndi kwathu. M'chipinda chosungira katundu, kuseri kwa ng'oma zong'ambika ndi ziboliboli za khola la Khirisimasi, ndinapeza makina amagetsi a Olivetti atafunditsidwa thumba. Nditapukuta mabatani ndinadabwa: mzere wapamwamba sunayambe ndi QWERTY koma QZERTY. Mphunzitsi wa mpingo wachikulire amene anali nane anaseka, nati makinawo anabwera ndi wansembe wa ku Italy. Izi n'zomveka, poti amishonale ambiri a dayosizi ya Mangochi anachokera kumeneko, ngakhale episkopi wake woyamba, Ambuye Alessandro Assolari. M'Chitaliyana chilembo cha W sichigwira ntchito kwenikweni, ndiye anachikankhira ku ngodya ya pansi kumanzere, Z n'kukwera pamalo pake, ndipo M nayenso anasamukira pafupi ndi L. Tsono taganizani munthu wophunzira pa makina a Chingelezi akutayipa Chichewa, chinenero chodzaza ndi wa, kwa, mwa ndi bwa. Akafuna kulemba "kwathu" pankatuluka "kzathu", akafuna "Woyera" pankatuluka "Zoyera". Aphunzitsiwo akuti zolengeza za Lamulungu zina zinkatuluka zotero ndithu, ndipo wowerenga ankangokonza ndi pakamwa.

Palinso vuto la ŵ wa tsindwi. Bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa mu 1972, linkafuna kuti chilembochi chizilembedwa, koma opanga makina ku New York, ku Ivrea ndi ku Nagoya sankachidziwa. Agogo akuti akamaliza kalata ankatenga cholembera chakuda n'kuyamba kusaka mawu onga Malaŵi ndi maŵa kuti awaveke katsindwi ndi dzanja. Pa makina a parishi aja ankatayipanso masitensulo a nyimbo ndi a mayeso a katekisimu, atachotsa liboni kuti chilembo chiboole pepala la phula, kenaka n'kukapukusa pa makina a Gestetner. Abambo ansembe achikulire, ndikhulupirira mukukumbukira fungo la inkiyo ndi la mankhwala ofiira okonzera sitensulo. Mbiri ya mmene chinenero chathu ndi mapemphero athu zinalowera pa pepala ili m'mabatani amenewo. Kodi ku London angatisungire imeneyi?

Ndikudziwa zimene ena anene, chifukwa anzanga anandiuza kale. Akuti anthu akugona ndi njala, ana akuphunzira pansi pa mtengo, ndiye iwe ukufuna tiwononge ndalama pa zinthu zakufa. Funso limeneli ndi lolemera ndipo sindikulinyoza, poti ndi lomwe linagwiritsa amalume nyundo. Koma kusunga makina sikufuna ndalama. Kumafuna malo ouma, nsalu yofunditsa ndi kope. Ndipo kuwagulitsa pa sikelo sikuthetsa njala, monga ndaonetsera kale. Ndivomerezenso kuti ngati wina wabwera ndi ndalama zenizeni, zoti n'kulipira fizi ya mwana, banja losauka lili ndi ufulu wogulitsa. Ine ndingopempha kuti asanawanyamule, wina alembe nkhani yawo ndi kuwajambula, kuti chitsulo chikapita mbiri itsale.

Wina wa Fomu 4, amene amadziona ngati wafika kale ku Kachebere, anandiuza kuti mseminale sayenera kuika mtima pa zinthu za pansi pano. Ndinamuyankha kuti Mpingo wathu ndi umene umatiphunzitsa kusunga. Mabuku a ubatizo a ku Nzama, kumene Abambo a Montfort anafika mu 1901, kapena a ku Utale, kumene anatsegula mu 1908, sitiwakolezera moto ngakhale mapepala ake afiira. Ku Mua, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, nasonkhanitsa zinthu za chikhalidwe cha Achewa, Ayao ndi Angoni zimene ena ankaziona ngati zachabe, ndipo alendo amachokera kutali kukaziona. Ku Chichiri ku Blantyre kuli ma injini akale, ku Mangochi kuli nyumba yosungira mbiri ya nyanja ndi sitima zake. Nanga ntchito ya amayi ndi abambo amene anakhala pa mpando zaka 30, msana ukuwawa, akulemba makalata amene ena ankangosayina, ilibe malo? Dzina la bwana lili pansi pa kalata iliyonse. La wotayipa, likapezeka, ndi tizilembo tiwiri ting'onoting'ono pa ngodya.

Kusiyana kwa wosunga mbiri ndi wamsonkhesonkhe n'kwakuti wamsonkhesonkhe amafuna zambiri. Ine sindikupempha kuti tidzaze holo ndi zitsulo. Ndikupempha Bambo Mkulu wa seminale kuti atipatse shelefu imodzi ku laibulale, ndipo ife a kalabu ya History tidzaisamala. Makina asanu kapena asanu ndi amodzi akwana: amanja amodzi kuti tione kumene zinayambira, otsalawo amagetsi ndi a kagudumu, poti ndiwo ali pa ngozi. Alionse akhale ndi khadi lake lonena kumene anachokera, amene ankawagwiritsa ntchito, zaka zake ndi zimene ankalembapo. Makina opanda khadi lotere ndi chitsulo basi, ndipo wogula wa njinga uja sanalakwe kuwapima pa sikelo. Pansi kapena m'kati mwa makina mumakhala nambala ya ku fakitale imene imathandiza kudziwa chaka chimene anapangidwa, choncho nayonso ilembedwe. Koma ntchito yaikulu ndi yopita ndi kope kwa otayipa akale, alembi a m'maparishi, a m'masukulu ndi a ku makhoti a mafumu, Akhristu ndi Asilamu omwe, poti kwathu kwa Kalembo tili pamodzi ndipo makalata ankalembera aliyense. Ambiri mwa iwo adutsa zaka 70. Makina angathe kudikira zaka zina zisanu m'chipinda. Eni nkhani sindikudziwa ngati angatidikire.

Kwa inu Abambo a m'maparishi, mukamakonza m'zipinda zosungira katundu, chonde musataye timipira, tizigudumu, maliboni ngakhale akutha, ndi timabuku ta malangizo, chifukwa zimenezi ndizo zimasowa kuposa makinawo. Musafulumirenso kuwalumikiza ku magetsi kuti muone ngati akugwira. Ena anabwera ngati mphatso kuchokera ku America ndipo ndi a mavoti 110, pamene magetsi athu ndi a 230. Mukangowaika pa soketi mumva fungo ndipo zathera pomwepo. Yambani mwawerenga kachitsulo kolembedwa kumbuyo, ndipo aone kaye munthu wodziwa zamagetsi. Za maliboni a pulasitiki aja, paja ndanena kuti amawerengeka: mu ofesi ya parishi munkalembedwa milandu ya mabanja ndi zinsinsi za anthu, ndiye inu ansembe muyambe mwawaona musanatipatse ife anyamata. Ndife achidwi kwambiri, tikudzidziwa tokha.

Kwa inu makolo, wa njinga uja akafika pakhomo n'kuyamba kuitana zitsulo zakutha, mupatseni mapoto obooka ndi makasu akutha. Koma chimene chili pansi pa bedi la agogo, dikirani eni ake abwere ku maliro.

Makina a Olivetti aja akadali pa parishi paja. Bambo Mfumu anandiuza kuti sawataya, koma kuti ndibwere ndi kalata yochokera ku seminale ndisanawanyamule, ndipo n'chifukwa chake ndalemba nkhaniyi. Kagudumu ka agogo kali m'bokosi langa ku chipinda chogona, m'kachitini ka polishi. Ndinawerenga timiyendo take, tilipo 96, kamodzi kothyoka. Chilembo cha a ndicho chinaperepeseka kuposa zonse. Agogo alonjeza kuti pa tchuthi cha Khirisimasi adzandijambulira mabatani pa katoni n'kundiphunzitsa kaikidwe ka zala, monga anaphunzirira iwo ku sukulu ya zotayipa kumene makina anali ochepa kuposa ophunzira. Kope lolembamo nkhani zawo ndagula kale. Amene akudziwa kumene kuli makina ena, apereke uthenga kwa a mkonzi kapena andipeze ku Fomu 3.